Mutu 9: Njira za ku Kaumbwe, Pansi ndi Panjinga

Basi yochokera ku Lusaka ikawoloka mlatho wa Luangwa imakwera mapiri a Kacholola, imaima pang'ono pa Nyimba kuti anthu agule nthochi, kenako imafika pa mphambano ya Petauke, pafupifupi makilomita 400 kuchokera ku likulu la dziko. Ambiri mwa okwera satsika. Ena akupita ku Katete, ena ku Chipata, ndipo alendo ochokera kunja maganizo awo onse ali ku Mfuwe kokaona njovu ndi akambuku. Dera lonseli amaliona kudzera pazenera, ndipo amaliyesa malo ongodutsapo.

Kaumbwe ili m'boma la Petauke, cha kumwera kwa msewu waukulu wa Great East Road, kulowera kumalire ndi Mozambique. Ndi dera la alimi a chimanga, nsawawa, thonje, soya ndi mpendadzuwa, ndipo anthu ake amalankhula Chinsenga ndi Chichewa. Kulibe chipata cholipirapo, kulibe zikwangwani zolozera mlendo kokayenda. Koma kuli chinthu chimene mizinda ya ku Ulaya imawonongera ndalama zambiri kuti ikhale nacho: njira zambirimbiri zopanda galimoto, zolumikiza mudzi ndi mudzi, dimba ndi chitsime, sukulu ndi chigayo. Njira zimenezi zinapangidwa ndi mapazi, matayala a njinga ndi ngolo za ng'ombe. Banja limene likufuna kuyenda mongosangalala, tsiku lopuma, silifunika kudikira kuti boma limange kanthu. Likufunika kudziwa nyengo, kudziwa ulemu wa m'midzi, ndi kukhala ndi maso.

Nyengo ndiyo imalamula

Chaka cha kuno chili ndi magawo atatu, ndipo njira imodzimodziyo imasintha kwambiri pa gawo lililonse. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumazizira, mvula yatha, timitsinje taphwa, nthaka yauma koma fumbi silinachuluke. Imeneyi ndiyo nyengo ya ulendo wa banja lonse, ngakhale wokhala ndi agogo ndi mwana wa kumsana. Mu Seputembala ndi Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Kumtunda kuno, kumene kuli pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, munthu angapirire ngati wanyamuka m'bandakucha n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo, koma kuchigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kutengerako mwana pansi nthawi imeneyo n'kumulakwira. Kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo ndi dzinja. Tchire limabiriwira, bowa amamera, koma madambo amasanduka matope ndipo kamtsinje kamene mu Julayi mumakadumpha kangathe kukokolola munthu wamkulu mvula ikagwa kumapiri, ngakhale pamene mwaima pasanadonthe n'komwe.

Munthu wamkulu amayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola. Ndi ana, werengerani atatu, chifukwa mwana amaima pa chilichonse, ndipo n'chifukwa chake mwamutenga. Ulendo wa makilomita asanu ndi limodzi, kupita ndi kubwera, ndi wokwanira kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Ulendo wa kudambo

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi dambo lake, ndipo njira yopita kumeneko ndiyo yofewa kuposa zonse. Ilibe zitunda, madzi ali pafupi, ndipo anthu amakhala akudutsa nthawi zonse. Nyamukani mame asanakamuke. Mukatuluka m'mudzi mumadutsa m'minda yokololedwa, momwe mapesi agona pansi ndipo ng'ombe zikudya momasuka. Apa mudzapeza anyamata ali ndi makasu akukumba mbewa, ntchito imene anthu a chigawo cha kum'mawa amadziwika nayo m'Zambia yense. Imani pang'ono ana aone. Mnyamata wodziwa amayang'ana kaye dothi latsopano pakhomo pa una, amafufuza mbuli yothawirapo n'kuitseka, kenako ndiye ayamba kukumba motsatira una, akulowetsamo kamtengo kuti asautaye. Mwana wa m'tauni amene anazolowera kuseka anzake odya mbewa amachoka pamenepo akudziwa kuti ntchitoyi imafuna nzeru.

Kudambo kwenikweni kuli madimba otchingidwa ndi minga kuopa ziweto. Muli repu, tomato, mpiru, nzimbe, nthochi, ndi zitsime zosaya zimene alimi amatungamo ndi makheni. Mwini dimba mukamulonjera bwino sakana kukugulitsani nzimbe, ndipo imeneyo ndiyo kamba wa paulendo wobwerera. M'mphepete mwa dambo mumamera mikuyu, ndipo m'mitengo imeneyi ndimo mbalame zimasonkhana. Njiwa, mpheta ndi atimba sizisowa. Nkhwali imabuka mwadzidzidzi pafupi ndi mapazi anu n'kudzidzimutsa gulu lonse, nkhanga zimathamanga mondondozana m'mphepete mwa munda. Mukakhala ndi mwayi mudzaona ang'omba, mbalame zazikulu zakuda zofiira pakhosi, zikuyenda pang'onopang'ono m'lupsa kufunafuna ziwala ndi njoka.

Pamchenga wa m'njira pamalembedwa zonse zimene zachitika usiku. Gwadani ndi ana muwerenge. Mzere wosalala wokhotakhota ndi njoka. Timapazi tiwiri titalitali kutsogolo, tiwiri tifupitifupi kumbuyo, ndi kalulu. Timabowo tozungulira tooneka ngati fanulo ndi misampha ya kachilombo kodikira nyerere, ndipo mwana akagwetseramo kambewu ka udzu adzaona mchenga ukuponyedwa kuchokera pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo lothamangira kukafika limalanda mwana theka la ulendo.

Chenjezo limodzi la kudambo ndi lalikulu. Madzi odikha a m'madamu ndi m'mathamanda amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu popanda munthu kumva kanthu. Ana asasambe kapena kusewera m'madzi oterowo, kaya kutenthe bwanji. Madzi akumwa atengedwe kunyumba kapena pa mjigo.

Kutchire ndi kumapiri

Ulendo wachiwiri ndi wolemererapo, wa ana amene afika zaka khumi. Dziko la Petauke ndi Nyimba lili ndi timapiri tambiri ta miyala, ndipo m'mbali mwake mwatsala nkhalango ya miombo. Mitengo yake ndi mombo, mtondo, msuku, muwanga ndi mlombwa, umene matabwa ake amisiri amawalimbirana. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, mvula isanagwe n'dontho lomwe, miombo imaphuka masamba atsopano ofiira ndi ofiirira, phiri lonse n'kusintha mtundu kwa masabata ochepa asanabiriwire. Amene anakulira kuno ambiri sanaimepo kuti ayang'ane zimenezi, chifukwa nthawi imeneyo maganizo ali pa kusosa m'munda. N'zoyenera kuziona mwadala kamodzi.

Tchire limadyetsa woyenda. Masuku amapsa mvula ikayandikira mpaka chakumapeto kwa chaka, ndipo okoma ndi amene agwa okha. Mwana aphunzire kulifinya pang'ono suku kuti ling'ambike, kuyamwa zamkati ndi kulavula nthangala. Kuli maye a chikhokhombe cholimba oswera pamwala, kuli nthudza, matowo otafuna nthawi yaitali, maula ogwa pansi pa mtengo wake waukulu. Kuchigwa, kumene kumatentha, ndiko kwawo kwa masawu, bwemba ndi malambe. Bowa wa dzinja yekha ndiye asazulidwe ndi munthu wosamudziwa. Chaka ndi chaka mabanja amagonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa wolakwika, choncho lolani mayi wa m'mudzimo, amene wakhala akuzula kuyambira ali mtsikana, akhale woweruza.

Pamwamba pa phiri mphotho yake ndi kuona kutali: madenga a malata akunyezimira, mizere yobiriwira ya madambo, utsi wa midzi, ndi mapiri a ku Mozambique chakumwera. Pamiyala pamakhala mbira zikuwothera dzuwa ndi abuluzi a mitu yabuluu. Valani nsapato zotseka, chifukwa mphiri sithawa munthu, imangogona m'njira kudalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma. Phunzitsaninso ana kuzindikira chitedze, chomera choyanga cha nyemba zaubweya. Chikauma ubweya wake umauluka ndi mphepo, ndipo kuyabwa kwake kungathetse ulendo pomwepo.

Phiri lililonse lili ndi eni ake. Musanakwere, pitani kwa nyakwawa ya mudzi wapafupi mukanene za ulendo wanu. Si lamulo lolembedwa, koma ndi mwambo, ndipo phindu lake ndi lanu: adzakuuzani njira yabwino, adzakupatsani mnyamata wokuperekezani, ndiponso adzakuchenjezani za malo osafikako. Kankhalango kowirira kamene katsala pakati pa minda yoyera kawirikawiri ndi manda. Kumeneko sakutolako nkhuni, sakuthyolako zipatso, ndipo m'midzi ya Achewa ndiko kumakhala dambwe la Gule Wamkulu, kumene munthu wosavinidwa saloledwa. Mlendo wolowako, ngakhale mosadziwa, amakhala ndi mlandu. Kumbali ya malire kulinso chifukwa china chofunsira: njira zina zimalowa m'Mozambique popanda chizindikiro chooneka, ndipo munthu angawoloke osazindikira.

Njira zimenezi n'zakale kuposa msewu wa phula. Achikunda ochokera ku Zumbo ndi ku Tete ankadzera m'dziko la Ansenga kudzagula minyanga ya njovu. M'nthawi ya atsamunda amuna a kuno ankayenda pansi masabata angapo kupita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia, ena osabwereranso. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itakula ku Mozambique, anthu zikwizikwi anathawira kuno podzera m'njira za m'tchire zomwezi, ndipo mu 1987 kunatsegulidwa malo a othawa kwawo ku Ukwimi, kumpoto kwa boma la Petauke. M'midzi ya kumalire mukadali okalamba amene anaona zimenezo ndi maso awo. Ulendo wokhala ndi agogo otere ndi phunziro la mbiri limene mwana sangalipeze m'kalasi.

Njinga

Chigawo cha kum'mawa ndi dziko la njinga. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle, ndipo masiku ano njinga zolimba za Buffalo, zimene zinabwera ndi bungwe la World Bicycle Relief, zili paliponse. Njinga kuno imanyamula matumba a chimanga, mbuzi yomangidwa pakeliyala, wodwala wopita kuchipatala, mwana wa sukulu. Chimene sichichitika kawirikawiri ndi kuikwera popanda katundu ndi popanda changu, bambo, mayi ndi ana pamodzi. Atsikana makamaka amaphunzira kupalasa kuti azitumidwa kuchigayo. Ayeneranso kupalasa pofuna kusangalala.

Panjira ya dothi njinga imayenda makilomita 10 mpaka 15 pa ola, choncho banja lingazungulire makilomita 20 m'mawa umodzi osatopa kwambiri. Njira zabwino ndi za ngolo, zimene zili ndi mikwasa iwiri yolimba ndi udzu pakati. Mdani wamkulu ndi mchenga wa pamawoloko a mitsinje youma. Tayala lakutsogolo likalowamo limapotoka, mwana n'kugwa. Muuzeni atsike akankhe, palibe manyazi. Mdani wachiwiri ndi minga. Musanyamuke opanda pampu, zigamba, guluu ndi sipanala, ndipo yesani mabuleki musanachoke pakhomo, chifukwa njinga zambiri za kumudzi zimayenda ndi buleki imodzi kapena zilibiretu.

Tayala likaphwa pafupi ndi kamsika, musadandaule, pitani kwa wokonza njinga pansi pa mtengo ndipo ana ayang'anitsitse. Amagadabuza njinga kuti itsamire pachishalo ndi mahandulo, amatulutsa chubu ndi zitsulo ziwiri zophwatalala, amachipopa n'kuchimiza m'beseni la madzi pang'onopang'ono kufikira timathovu titatulukira. Pamalopo amapala kuti pakhale pokhakhala, amapaka guluu, amadikira kuti aume pang'ono, n'kumata chigamba chodulidwa ku chubu chakale. Asanabwezere, amayendetsa chala m'kati mwa tayala kufuna munga umene wachititsa zonsezi. Osadziwa amaiwala zimenezo, ndipo tayala limaphwanso asanayende mtunda.

Kopita ndi njinga sikusowa. Mishoni zakale ndi malo abwino opumulirako chifukwa zili ndi mitengo ikuluikulu, madzi ndi nyumba za njerwa za makedzana. Minga, ya Akatolika, inayamba m'zaka za m'ma 1920 ndipo ili ndi chipatala. A Dutch Reformed Church anatsegula Nyanje mu 1905, imene tsopano ili m'boma la Sinda, ndi Hofmeyr ya ku Nyimba mu 1914. Mu Okutobala Ansenga amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, ndipo njira zonse zolowera kumeneko zimadzaza njinga. Mwambo wa Kulamba wa Achewa umachitika chakumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, koma kumeneko ndi kutali kwa mwana, n'kofunika galimoto.

Msewu wa phula ndi nkhani ina. Great East Road inakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka kumalire a Mwami, ndipo ndi yosalala bwino. Okwera njinga a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, amadutsa mumsewu womwewu popita ku Lusaka. Koma amenewo ndi akuluakulu ovala zipewa zolimba, okhala ndi galimoto zowaperekeza. Mabasi ndi malole amathamanga kwambiri mumsewu umenewu, ndipo mphepo ya lole yokha ingagwetse mwana. Ine ndikuti mwana wosakwana zaka 12 asapalase pa phula limeneli. Pofunika kuwoloka, onse atsike, ayang'ane uku ndi uku, awoloke akukankha.

Kuchigwa

Amene ali ndi nthawi ndi ndalama ya basi angawonjezere tsiku la ku mtsinje wa Luangwa. Kuchokera pa Nyimba kukafika pa mlatho ndi makilomita pafupifupi 100, kudutsa m'mapiri a Kacholola momwe msewu umakhotakhota. Mlathowo unatsegulidwa mu 1968, ndipo umagwiridwa ndi zingwe zachitsulo zochokera pa nsanamira ziwiri zazitali. Pali asilikali olondera, choncho pemphani kaye musanajambule. Kutsidya kwake kuli msika wotchuka wa nsomba zouma, madengu, mphasa ndi zipewa zolukidwa. Mtsinjewo uonereni patali. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo mchenga wake woyera wanyenga anthu ambiri. M'mitengo ya m'mphepete mungaone nkhwazi, mbalame imene ili pa mbendera ya Zambia.

Kuchokera pa boma la Petauke palinso msewu wakale wa dothi, wotchedwa Old Petauke Road, umene umatsikira kuchigwa kudzera kwa Mfumu Sandwe n'kutsata mtsinje wa Luangwa mpaka ku Mfuwe, makilomita pafupifupi 180. Okonda njinga ochokera kumaiko akutali amaulakalaka, koma si wa banja. M'dzinja sudutsika, muli akashembe oluma, madzi ndi osowa, ndipo chakumapeto kwake njovu zimayenda mumsewu momwemo. Ku South Luangwa National Park, nkhalango ya masikweya kilomita 9,050 imene inakhazikitsidwa monga paki mu 1972, ndiko kumene Norman Carr anatchukitsa zoona nyama poyenda pansi. Kumeneko munthu amayenda ndi wotsogolera wophunzitsidwa pamodzi ndi msilikali wa zanyama wonyamula mfuti, ndipo kawirikawiri ana osakwana zaka 12 saloledwa. Mwana wa ku Petauke ayenera kudziwa chinthu chimodzi cha m'pakiyo. Nyamalikiti wa kumeneko, amene sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa, amatchedwa ndi dzina la Thornicroft. Harry Thornicroft anali bwanamkubwa wa atsamunda pa Petauke, ndipo ndiye anatumiza chikopa cha nyamayi ku London, kumene akatswiri anaipatsa dzina lake mu 1911. Alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona nyama imene ana ambiri a m'boma lomwelo sanaionepo. Masukulu a kuno akanayenera kuika ulendo wa ku Mfuwe pa ndondomeko yawo, ngakhale kamodzi pa moyo wa mwana wa pulayimale.

Mthunzi ukutha

Chimene chikuwononga njira za ku Kaumbwe ndi Nyimba si kusowa kwa alendo koma kutha kwa mitengo. Aliyense woyenda pa Great East Road amaona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu, akudikira malole opita ku Lusaka. Thumba lililonse linali mtengo wa mombo kapena tsanya. Wootcha makala si munthu woipa. Ndi bambo wofuna feteleza ndi fizi ya mwana, ndipo wogula wake ndi ife a m'tauni amene magetsi akazima timayatsa mbaula. Koma zotsatira zake zimaoneka pansi. Njira imene inali yamthunzi imakhala ya dzuwa lokhalokha, mvula ikagwa madzi amathamanga m'mikwasa ya ngolo n'kukumba zigwembe zimene njinga singadutse, dambo limauma msanga, masuku ndi bowa zimasowa. Moto wolusa wa mu Seputembala, umene nthawi zambiri umayatsidwa ndi osaka mbewa, umapha timitengo timene tikanalowa m'malo mwa yodulidwayo.

Pali amene akuyesetsa. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo limagwira ntchito ku Nyimba ndi m'madera ena a chigwa cha Luangwa, limagula nsawawa, uchi ndi mbewu zina kwa alimi amene alonjeza kusiya kupha nyama mozemba ndi kusamala nkhalango, n'kuzigulitsa m'masitolo ndi dzina la It's Wild! Mlimi amene wapachika ming'oma ya njuchi m'mitengo amayamba kuiteteza yekha, chifukwa mtengo wamoyo ukumupatsa ndalama chaka ndi chaka pamene makala amamupatsa kamodzi. M'madera a mafumu monga Nyalugwe, Luembe ndi Mwape ku Nyimba, anthu apatula nkhalango zina kuti zisadulidwe. Zimenezi n'zabwino, koma zambiri zikuchitika kufupi ndi nyama zakutchire, kumene mabungwe ali ndi chidwi. Midzi ya kumtunda, yopanda njovu zokopa alendo, iyenera kudziyambira yokha.

Zoyambira zake sizifuna ndalama. Nyakwawa ndi anthu ake angagwirizane kuti mitengo ya m'mbali mwa njira yopita kusukulu, kuchitsime ndi kudambo isadulidwe, monga momwe ya kumanda sidulidwira, ndipo wodula alipe. Aphunzitsi angatenge kalasi kukwera phiri lapafupi kamodzi pa teremu, limodzi ndi wokalamba wodziwa maina a mitengo. Makhansala, pokambirana za ndalama za chitukuko cha dera za CDF, akumbukire kuti kamlatho kakang'ono pa woloko la njinga kamathandiza anthu ochuluka tsiku lililonse kuposa momwe ambiri amaganizira. Inu makolo, Juni akubwerayu sankhani Loweruka limodzi, mupope matayala, mudzaze zigubu za madzi, mukazinge nsawawa, ndipo mutenge ana onse, aakazi ndi aamuna omwe.